Phunziro la dothi ndi miyala lisathere pa bolodi

M'sukulu zathu zambiri za pulayimale mwana amagwira dothi pa zifukwa ziwiri zokha: akalakwa, kapena kukagwa chitukuko. Wachedwa kubwera, akakumbe dzenje la zinyalala. Walongolola m'kalasi, akazule chitsa. Komiti ya sukulu yamanga mfundo yowonjezera zimbudzi, ana onse atenge zidebe akatute mchenga kumtsinje, mawa lake asenze njerwa kuchokera pa uvuni. Koma ikakwana nthawi yoti aphunzire za dothi lomwelo, za mchenga womwewo ndi za miyala imene amapunthwa nayo popita kwawo, timawalowetsa m'kalasi n'kuwalembera pa bolodi mitundu itatu ya nthaka ndi ntchito zake, iwo n'kukopera m'makope. Belu likamalira phunziro latha, m'manja mwa ana mulibe ngakhale kafumbi.

Ndinaphunzitsa ku pulayimale m'maboma a Dedza ndi Ntcheu mpaka kupuma pa ntchito, ndipo mchitidwe umenewu ndinkaupeza paliponse. Maganizo anga ndi akuti phunziro la zinthu za m'nthaka lizichitikira panja, ndi manja, kuyambira pa dothi la pasukulu pomwepo. Ndiponso lisamathere pa funso lakuti, "Chinthuchi chimagwira ntchito yanji?" Lizifika pa funso lachiwiri: "Chikachotsedwa pamalopo pamatsala chiyani, ndipo wapindula ndani?" Mwana amene sanafunsidwepo funso lachiwirili tamuphunzitsa theka.

Tiyambe ndi kuvomereza kuti ana sabwera kusukulu m'mutu muli mbee. Mnyamata wa Sitandade 3 amadziwa chulu chimene dongo lake limaumba ng'ombe yosathyoka nyanga, ndi china chimene dongo lake limang'aluka dzuwa likangowomba. Amadziwa kuti mwala wa legeni ndi nsangalabwi, osati chibuma. Mtsikana wa msinkhu womwewo anapitapo kudambo ndi amayi ake kukatapa tsiro lozirira nyumba, ndipo nkhulungo anaigwirapo. Anamvapo agogo ake akukana mwala wovuulidwa mumtsinje kuti usakhale fuwa, poti umaphulika ukatentha. Kuona, kuyesa, kufananiza ndi kusankha kumeneku ndiye sayansi imene timanenayo. Ntchito ya mphunzitsi ndi kutenga nzeru imeneyi n'kuifunsa kuti, "Chifukwa chiyani?" Tikaisiya panja n'kuyamba ndi mndandanda woloweza, mwana amatolapo phunziro loipa, lakuti zimene amadziwa kwawo si maphunziro, ndipo maphunziro ndi zinthu zakutali zimene sadzazigwira.

Pali phunziro lina limene ndinkalikonda, ndipo silifuna ngakhale tambala. Dzulo lake mumauza gulu lililonse kuti libweretse dothi lodzaza manja awiri: awa katondo wa m'munda, awa makande a kudambo, awa dothi la pachulu, awa mchenga wa m'khwawa. Mumatolanso mabotolo apulasitiki oonekera mkati, aja amatayidwa pamsika. Gulu lililonse limathira dothi lake m'botolo kulekeza pakati, kudzaza madzi, kutseka, kukhutchumula mwamphamvu, n'kuimika botololo pakhonde. Inu mumangoti, "Yang'anani, wina asaligwedeze."

Mphindi imodzi isanathe mchenga umakhala utakhazikika pansi. Pofika nthawi ya buleki pamwamba pa mchengawo pamakhala pataoneka mzere wina wosalala, wa dothi lija madzi osefukira amasiya m'madimba. Dongo ndiye silifulumira. Madzi a m'botolo la makande sayera mpaka mawa, mwina mpaka mkuja, pamene tizinyalala ta masamba tikuyandama pamwamba. Kukacha ana amathamangira pakhonde zikwama zili kumsana. Amayeza mizereyo ndi lula, ndipo mumamva wina akukuwa, "Madamu, m'munda mwathu mchenga ndi wambiri kuposa dongo!" Mwana ameneyo wazindikira yekha kuti nthaka ndi chisakanizo, ndipo kuti munda wa kwawo umasiyana ndi wa mnzake chifukwa cha kachulukidwe ka zosakanizazo. Zimenezi sadzafunikanso kuloweza.

Tsiku lotsatira mumadula mabotolo ena pakati, kuzondotsa mbali ya kukamwa, kutsekapo ndi kansalu, n'kuthira dothi louma ndi kapu imodzi ya madzi m'lililonse. Ana amawerenga mokweza. La mchenga limayamba kudontha asanafike n'patali pomwe, la makande madzi amangokhala pamwamba mpaka owerenga kutopa. Apa m'pamene mumaponya mafunso. N'chifukwa chiyani mpunga timalima kudambo, pamene chinangwa ndi mtedza zimakonda nthaka yamchenga? N'chifukwa chiyani chimbudzi chokumbidwa mumchenga chimagumuka mvula ikachuluka? N'chifukwa chiyani mmisiri amabweza ngolo ya mchenga wosakanikira dothi akamamanga ndi simenti? Manja amakwera okha, ngakhale a ana aja amakhala kumbuyo osayankhula chaka chonse.

Katswiri wamkulu wa phunziroli nthawi zambiri salandira malipiro a boma. Pasukulu ina ku Dedza tinaitana agogo ena owumba mbiya. Anabwera ndi dongo la kumtapo atalikulunga m'masamba a nthochi, phale lakale ndi chitsononkho chosalazira. Anakhala pansi pa mtengo, ana n'kuwazungulira. Anatsina kadongo, kukaika pakati pa mano akutsogolo, n'kunena kuti, "Ili lasalala kwambiri. Likapanda kulumika mchenga pang'ono, mphika umang'aluka pamoto." Atatero anasinja phale lija pamwala n'kukanda ufa wake limodzi ndi dongo. Mwana wina anafunsa, "Agogo, bwanji osauyanika padzuwa kuti uume msanga?" Iwo anaseka. "Mdzukulu wanga, kunja kukauma m'kati musanaume, mphika umakokedwa mbali ziwiri. Uumire pamthunzi, pang'onopang'ono."

M'mawu ochepawo munali zonse zimene buku limavutika kufotokoza. Dongo limanyala likamataya madzi, ndipo timibulu tolimba tosakanizamo timachepetsa kunyalako n'kutsekereza ming'alu. Ine ndinangowonjezera chimodzi. Tinaponya m'ndowa ya madzi kachidutswa ka dongo louma ndi kaphale kowotcha. Dongo linasungunuka n'kubwerera ku matope, phale linangokhala momwe linalili. Moto umasintha dongo kotheratu, n'chifukwa chake chidina chimasungunuka ndi mvula pamene njerwa yowotcha imapirira. Kuchokera apa njira ndi yaifupi kukafika pa mtsuko umene umaziziritsa madzi chifukwa timadzi timadutsa m'khoma lake n'kumauma kunja, pa mbaula ya Chitetezo yosunga kutentha n'kupulumutsa nkhuni, pa makapu ndi mbale za ku Dedza Pottery, ndi pa dongo la ku Linthipe limene akatswiri a za miyala akhala akulitchula kwa zaka zambiri kuti n'loyenera kupangira ziwiya zotere. Tsiku limenelo ana anaonanso chinthu china chimene sichinali pa sikimu: mphunzitsi wawo atakhala chete, akumvera mayi amene sanapondeko m'kalasi.

Akalidziwa dothi la kwawo, alowe m'kalasi akawerenge zinthu zimene zinachokera pansi. Adzadabwa kuti zotsala n'zochepa. Choko chimene chili m'manja mwa mphunzitsi kawirikawiri chimapangidwa ndi jipisamu, mwala wofewa woti chikhadabo chimaukanda, umene umapezekanso m'madambo a ku Mponela m'boma la Dowa. Mtima wa pensulo ndi girafaiti wosakaniza ndi dongo, ndipo dongo likachuluka pensulo imalimba n'kumalemba motuwa. Galasi la pazenera ndi mchenga wosungunulidwa pamoto waukali, ndipo mchenga woyera woyenera ntchitoyi ulipo ku Mchinji. Malata ndi chitsulo chokutidwa ndi zinki kuti chisachite dzimbiri msanga. Simenti ya pansi ndi mwala wa laimu wowotchedwa limodzi ndi dongo pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 1,450, ndipo mafakitale a ku Kasungu ndi ku Mangochi anamangidwa kumeneko chifukwa mwalawo uli pafupi. Poto wa aluminiyamu wophikira phala anachokera ku dothi lofiira lotchedwa bauxite, lofanana ndi limene lili pamwamba pa phiri la Mulanje. Fetereza wokulitsa amene bambo awo amamulirira chaka chilichonse muli fosifeti, ndipo mwala wa fosifeti uli ku Tundulu m'boma la Phalombe.

Zida zoyesera miyala nazo sizifuna kuitanitsa kunja. Chikhadabo, msomali ndi botolo lagalasi n'zokwanira kuti ana asanje miyala kuyambira wofewa mpaka wolimbitsitsa. Nsangalabwi yoyera imakanda galasi, pamene mwala wa laimu msomali umaukanda, ndipo ufa wake mukaudonthezera ndimu kapena viniga umachita thovu. Mphunzitsi wa m'mbali mwa nyanja atenge maginito ya m'sipika ya wailesi yakufa, aiyendetse mumchenga wakuda uja mafunde amasiya m'mizeremizere. Idzatuluka itamera ndevu zachitsulo, ndipo ana adzakhala akukamba zimenezo sabata yonse.

Wina angafunse kuti changu chake n'chiyani, popeza dothi silithawa. Changu chilipo. Ife a mbadwo wanga tinakula tikumva kuti Malawi alibe migodi, chuma chake chili m'khasu ndi m'fodya. Mgodi unali chinthu cha ku Joni, kumene amalume athu ankapita ndi Wenela, kufikira pamene ndege inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, boma n'kuimitsa maulendowo. M'kalasi sitinkakhalitsa pa nkhani yakuti makolo athu ankasungunula chitsulo m'ng'anjo n'kusula makasu, nkhwangwa ndi mikondo, chikhalirecho zotsalira za ng'anjozo zikadalipo m'nkhalango ya Kasungu. Sitinkakhalitsa pa nkhani yakuti ku Chigwa cha Shire anthu ankatcheza mchere kuchokera m'dothi n'kumagulitsa kutali. Ngakhale zojambula za m'mapanga a Chongoni, malo 127 amene UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, zinajambulidwa ndi utoto wochokera pansi, wofiira ndi woyera. Ana a m'midzi yozungulira mapangawo ambiri amamaliza Sitandade 8 asanakaoneko.

Lero nkhani yasintha. Boma lakhala likutchula migodi limodzi ndi ulimi ndi zokopa alendo kuti ndiyo mizati ya chuma cha mtsogolo. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga unayamba kugwira ntchito mu 2009, unaima mu 2014 mitengo itagwa pamsika wa dziko lonse, ndipo unayambiranso mu 2025. Malasha akukumbidwa ku Mchenga m'boma la Rumphi. Ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe ku Phalombe kuli miyala yosowa imene imapangira maginito amphamvu a m'galimoto zamagetsi. Ku Kanyika ku Mzimba kuli niobium yolimbitsira chitsulo. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe kwapezeka rutile wochuluka kwambiri, mwala umene umapereka utoto woyera ndi chitsulo chopepuka cha titanium, ndipo m'nthaka yomweyo mulinso girafaiti. Pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu, pafupi ndi kumene ndinkaphunzitsa, pamatuluka miyala yamtengo wapatali ya ruby ndi sapphire.

Tsono taganizirani ana amene ali Sitandade 5 lero m'madera amenewa. Zaka 20 zikubwerazi ndiwo adzakhale mafumu, makhansala ndi mamembala a makomiti a chitukuko a m'midzi. Ndiwo adzakhale pansi pa mtengo pamene galimoto zoyera zafika ndi mapu, alendo akufotokoza za chipepeso ndi kusamuka. Ambiri mwa iwo sadzaponda ku sekondale, ndipo zimenezi tonse timazidziwa. Choncho ngati za pansi pa munda wawo sanazimve ku pulayimale, sadzazimvanso kwina kulikonse kupatula pakamwa pa amene wabwera kudzagula. Nkhani za munthu wa kumudzi amene anatola mwala wonyezimira n'kuupereka pa mtengo wa thumba la chimanga timazimva kawirikawiri, ndipo timamuseka kuti ndi wogona. Koma anamugoneka ndani? Anakhala pansi m'kalasi mwathu zaka zingapo, n'kutuluka asakudziwa kusiyanitsa mwala wokanda galasi ndi wosakanda.

Apa m'pamene funso lachiwiri lija limalowera. Mabuku amakonda mndandanda wa ntchito: dongo ndi la njerwa, mchenga ndi womangira, miyala ndi ya msewu. Mndandandawu ndi woona, koma umabisa dzenje. Atengeni ana mupite nawo pamene panaumbidwa njerwa za kalasi yawo yomwe. Aime patali ndi m'mphepete, mmodzi wamkulu ayeze kuya kwa dzenjelo ndi nsungwi. Afunseni kuti m'dzinja mumakhala chiyani. Adzakuuzani okha: madzi, udzudzu, achule, ndipo wina adzatchula mbuzi kapena mwana amene anagweramo. Afunseni kuti uvuni uja unadya mitengo ingati, yamtundu wanji, ndipo inatenga zaka zingati kuti ikule. Akatero adzamvetsa chifukwa chimene mu 2018 boma linakhazikitsira malamulo oletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomangamanga zikuluzikulu monga za boma, n'kulimbikitsa mabuloko a simenti ndi njerwa za dothi lothira simenti pang'ono zopanikiza ndi makina. Koma musalekere pomwepo. Afunseninso kuti simentiyo imachokera kuti, ndipo ku Changalume ku Zomba, kumene mwala wa laimu unakumbidwa kwa zaka zambiri mgodi usanatsekedwe, kunatsala chiyani. Chomangira chilichonse chimasiya dzenje penapake. Nzeru ndi kudziwa dzenje limene tingathe kulikwirira ndi limene sitingathe.

Ana a m'tauni nawo ali ndi zoona zawo. Amadutsa tsiku lililonse pamene amayi akuswa miyala ya kwale m'mbali mwa msewu, fumbi lili kobo, khanda lili kumsana. Fumbi la miyala likamalowa m'mapapo zaka zambiri limawaumitsa, ndipo matenda ake sachira. Amaona malole akutapa mchenga m'mitsinje ya Lilongwe, Mudi ndi Likangala, magombe akugumuka, milatho ikutsala miyendo ili pamtunda. Ku Makanjira ndi m'madera ena kumene anthu akusefa golide, mankhwala a mekyule amene ena amagwirira golideyo amalowa m'madzi, kenako m'nsomba, kenako mwa munthu. Sindikunena kuti mwana aphunzitsidwe kunyoza amayi ake oswa miyala. Miyalayo ndi imene imamugulira yunifolomu. Ndikunena kuti adziwe mtengo wonse wa wilibala ya kwale, kuphatikizapo mbali imene wogula salipira.

Pali phunziro lina limene lingapulumutse moyo weniweni. Konzani timitunda tiwiri ta dothi totsetsereka mofanana, kena kovundikira ndi udzu wozulidwa ndi mizu yake, kena kopanda kanthu. Thirani madzi ndi chitini chobowola pansi. Pa kaudzu madzi amatsika pang'onopang'ono ali oyererako, pa kadazi amatsika ndi dothi lomwe n'kukumba kachigwembe anawo akuona. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Mu 1991 zofananazo zinachitika ku Phalombe kuchokera m'phiri la Michesi. Akuluakulu akamati kwadutsa Napolo sitiyenera kuwaseka, chifukwa m'mawu amenewo muli chikumbukiro cha malo amene madzi anadutsapo kale ndipo adzadutsanso. Koma mwana adziwenso kuti dothi la paphiri likakhuta madzi limalemera n'kuterereka pamwamba pa thanthwe, ndipo kudula mitengo ndi kusema malo a nyumba m'matsitso kumafulumizitsa ngoziyo. Tsiku lina mwana ameneyo adzakhala akusankha poika maziko a nyumba yake.

Ana a Sitandade 7 ndi 8 angathenso kutsutsana pa nkhani yeniyeni. Bauxite wa pa Mulanje wakhala akudziwika kwa zaka zambiri koma sanakumbidwe. Phiri lomwelo ndi limene limamwetsa minda ya tiyi ndi midzi ya m'munsi mwake, ndipo madzi a mtsinje wa Likhubula tsopano amafika mpaka ku Blantyre. Gawani kalasi pawiri, ena anene za ntchito ndi ndalama za mgodi, ena za madzi ndi mkungudza. Mphunzitsi asagamule. Chofunika n'chakuti mbali iliyonse ipereke zifukwa zogwirika, ndipo imve za inzake mpaka pamapeto.

Ndikudziwa zimene anzanga amene adakali pa ntchito anganene, chifukwa ndinkazimva m'sitafu. Choyamba, ana ndi ambiri. N'zoona. Chiyambireni maphunziro aulere mu 1994 makalasi ena amapitirira ana 100, ndipo kuwatulutsa panja kumaoneka ngati kuitana chipwirikiti. Koma kalasi yotereyi ndi imene imavutika kwambiri ndi bolodi, chifukwa okhala kumbuyo saona chimene chalembedwa. Mabotolo khumi pakhonde ndi magulu khumi okhala ndi atsogoleri awo amafikira ana ambiri kuposa choko chimodzi. Ndiponso sukulu zambiri ana ake amaphunzirira kale pansi pa mtengo, atakhala pa dothi lomwe likukambidwalo.

Chachiwiri, mayeso. Apa ndiye pali vuto lenileni, ndipo sindingamudzudzule mphunzitsi wa Sitandade 8 amene maso ake ali pa mayeso a MANEB, makolo akudikira kumva kuti ndi angati asankhidwa. Malinga ngati mafunso akufuna kuti mwana atchule ntchito zitatu za dongo basi, mphunzitsi adzapitiriza kuloweza nawo ntchito zitatu za dongo. Koma mafunso amalembedwa ndi anthu, ndipo angasinthidwe. Funso losonyeza chithunzi cha mabotolo awiri n'kufunsa kuti ndi dothi liti loyenera njerwa, ndipo chifukwa chiyani, lingasinthe kaphunzitsidwe m'dziko lonse m'chaka chimodzi kuposa misonkhano yonse ya m'mahotela. Zimene ndinaona ine n'zakuti mwana amene anayeza mizere ya m'botolo ndi lula funso lolowezalo amaliyankha bwinobwino, pamene woloweza yekhayo funso likangotembenuzidwa pang'ono amasochera.

Chachitatu, mphunzitsi mwiniwake sadziwa miyala. Izinso n'zoona, ndipo si mlandu wake. Ku koleji tinaphunzira za TALULAR, njira yophunzitsira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, koma nthawi zambiri inkathera pa kujambula matchati pa makatoni. Tchati cha mwala ndi chithunzi chabe. Mphunzitsi amene sanadonthezerepo ndimu pa ufa wa laimu sangalimbe mtima kuchita zimenezo pamaso pa ana, kuopa kuti zikakanika amuseka. Mankhwala ake ndi kumupatsa mpata woyesa yekha poyamba, ku koleji kapena pa TDC, malo amene aphunzitsi a m'zoni amakumanirapo, ali ndi anzake.

Chachinayi chimachokera kwa makolo, ndipo ndicho ndimachilemekeza kwambiri. Bambo wina anandifunsapo kuti, "Madamu, ine ndatumiza mwana kuti aphunzire, inu mukumuumbitsa dothi. Kodi kuumba sakadaphunzira kwathu konkuno?" Bamboyo anali ndi chifukwa chokayikira, poti anaonapo ana akututa mchenga m'dzina la maphunziro. Kusiyana kwake kuyenera kuoneka poyera. Mwana akaumba njerwa zitatu, ina ya dongo lokhalokha, ina yosakaniza ndi mchenga pang'ono, ina ya mchenga wambiri, n'kuziyanika, kulemba m'kope imene yang'aluka ndi imene yafumbutuka, n'kufotokoza chifukwa chake, ameneyo akuphunzira. Akaumba njerwa mazana kuti komiti isalipire aganyu, ameneyo akugwiritsidwa ntchito, ndipo kholo lili ndi ufulu wokana. Mwana asalowetsedwenso m'dzenje, m'mgodi kapena pansi pa gombe lotapidwa mchenga chifukwa cha phunziro lililonse.

Zimene ndikupempha si zazikulu. A Malawi Institute of Education ku Domasi, akamakonzanso mabuku, asiye tsamba limodzi loti sukulu iliyonse ilembemo za dera lake: dothi lake, miyala yake, amene amaigwiritsa ntchito ndi maenje amene atsala. Mwana wa ku Karonga asaphunzire mndandanda wofanana ndendende ndi wa ku Nsanje ngati kuti amaponda nthaka imodzi. Nthambi ya boma yofufuza za miyala ku Zomba ikonze kabokosi ka miyala yolembedwa mayina, malasha, laimu, jipisamu, girafaiti, bauxite ndi ina, kamodzi pa zoni iliyonse, kazikhala pa TDC sukulu zizibwerekana. Makampani a migodi amene amakonda kujambulitsa akupereka madesiki athandize kulipira mabokosiwo ndipo alole ana a m'midzi yoyandikana nawo kudzaona ntchito ali pamalo otetezeka, koma phunziro lenilenilo asalembe ndi iwo, chifukwa wogula sangaphunzitse wogulitsa mtengo. Alangizi a maphunziro akabwera kudzayendera, asamangoyang'ana ngati sikimu yasainidwa. Afunsenso kuti pakona ya sayansi pali miyala ingati imene ana anatola okha, ndipo ndani angafotokoze za umodzi.

Mphunzitsi wamkulu ndiye sayenera kudikira kalata yochokera ku likulu. Teremu ikubwerayi athetse chilango chokumbitsa maenje, aitane woumba mbiya, woumba njerwa ndi wokumba zitsime wa m'mudzimo kuti aliyense adzayankhule ndi kalasi imodzi, ndipo auze ana a Sitandade 5 kuti Lolemba aliyense abwere ndi botolo ndi dothi la m'munda mwa kwawo.